Underground ndi resistance: ndi chinthu chimodzi kapena ndikungodzivuta?

Womasulira_wa_Area25
Abale ndithandizeni, mutu wayima. Ndapeza kaganyu komasulira nkhani yoti ikawerengedwe pa wailesi, yonena za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Masamba 14, akuifuna Lachisanu. Wolembayo akakhala ku France akuti "the resistance", akafika ku Poland akuti "the underground", pena onse awiri m'ndime imodzi. Ine ndimangolemba "gulu lachinsinsi lotsutsa" paliponse ndipo zimayenda bwinobwino, mpaka ndakumana ndi chiganizo chakuti "the resistance was forced underground". Ndiye ndilembe kuti gulu lachinsinsi linakakamizika kukhala lachinsinsi? Omvera aziti womasulirayu anali atalawa. Mawuwa amasiyana pati kwenikweni?

Chiwaya_Boy
Lembani "zigawenga" basi, mulandire ndalama zanu.

Aphunzitsi_Opuma
A Womasulira, mnyamatayo musamumvere, akuikani m'mavuto.

Mawu awiriwa akuyankha mafunso awiri osiyana. Underground akuyankha lakuti anthuwa ali kuti ndipo akugwira ntchito yawo motani. Yankho lake: pansi pa nthaka, kumene diso la boma silifika. Resistance akuyankha lakuti akuchita chiyani ndipo akulimbana ndi ndani. Gwero lake ndi Chilatini, resistere, kuima nji n'kukana kusuntha.

Ana anga a Fomu 4 ndinkawauza chonchi. Mbuzi imene mukuikokera ku msika ikakhwimitsa miyendo yakutsogolo, chingwe chili gwaa pakhosi, imeneyo ndiye resistance. Siikubisala, ikukana inu mukuona. Koma mfuko simuiona. Mumangopeza dothi latukumuka pamzere, mbatata zatha pansi. Imeneyo ndiye underground. Tsono anthu ena anali mbuzi, ena mfuko, ambiri anali zonse ziwiri, n'chifukwa chake wolemba wanuyo akusakaniza. Chiganizo chakuvutanicho chikungonena kuti amene ankakana poyera anapanikizidwa mpaka anayamba kuchita zawo mobisa.

Kadzidzi
Aphunzitsi, fanizo lakoma koma likudontha. A French Resistance ankakana poyera liti? Anali ndi mayina abodza, zitupa zabodza, nyuzipepala ankasindikiza m'zipinda zapansi. Ngati ndi mfuko, amenewo ndiye mfuko zenizeni. Nanga bwanji sitiwatchula French Underground?

Aphunzitsi_Opuma
Ena amawatchula choncho ndithu a Kadzidzi, ndipo salakwa. Koma dzina limene linakhazikika ndi limene eni ake anadzipatsa. Pa 18 Juni 1940 Charles de Gaulle analankhula pa BBC ali ku London, dziko lake lili pafupi kugonja kwa Germany, ndipo ananena kuti lawi la résistance ya France lisazime. Taonani, tsiku limenelo kunalibe gulu lililonse lolongosoka lobisala. Kunali msilikali mmodzi pa wailesi amene akukana kuvomera kuti nkhondo yatha. Mawuwo anayamba ngati kukana, kubisala kunabwera pambuyo chifukwa cha Gestapo, apolisi achinsinsi a Hitler.

Ndipo sanali gulu limodzi ayi. Kunali achikomyunizimu, otsatira de Gaulle, a mabungwe a apantchito, ena osagwirizana n'komwe. Jean Moulin ndi amene anawasonkhanitsa m'bungwe limodzi mu Meyi 1943, mwezi wotsatira anagwidwa, anazunzidwa, n'kumwalira mu Julayi. Chimene chinkawamanga pamodzi sichinali kabisalidwe kawo koma mdani wawo. Ndiye dzina lonena za mdani ndi limene linawakwana onse.

Kadzidzi
Nanga aja ankawati maquis?

Aphunzitsi_Opuma
Amenewo ndi a kutchire. Maquis ndi zitsamba zowirira za ku chilumba cha Corsica. Anthu otchedwa dzinali anachuluka mu 1943 pamene boma la Vichy, boma la France logwirizana ndi a Germany, linakhazikitsa lamulo lotumiza anyamata kukagwira ntchito ku Germany mokakamiza. Mnyamata akalandira kalata yomuitana ankangolowera kumapiri. Ambiri poyamba ankangothawa thangata ameneyo, mfuti anazigwira pambuyo.

NaBanda_ku_Leeds
Za ku Poland ndiyankheko ine, ngakhale History ndinalephera. Kuno ndimagwira ntchito yosamalira okalamba limodzi ndi mayi wina wa ku Poland. Usiku wina tili pa shifiti ndinamufunsa funso longa lomweli chifukwa mwana wanga anali ndi homuweki. Mayiyo anachita kuika kapu ya tiyi pansi. Akuti kwawo amati Polskie Państwo Podziemne, kutanthauza Boma la Pansi pa Nthaka la Poland, ndipo mawu ofunika pamenepo ndi akuti boma. A Germany atalanda dziko mu 1939 anatseka masekondale ndi mayunivesite a anthu a ku Poland. Ndiye anthu anamanga dziko lina kunsi kwa limene likuoneka: masukulu, makhoti oweruza akapirikoni ogulitsa anzawo, nyuzipepala, thandizo la amasiye, asilikali awo otchedwa Armia Krajowa oposa 300,000, zonse zikumvera boma lawo limene linathawira ku London.

Agogo ake a mayiyo anaphunzira m'makalasi obisika amenewo. Ana asanu kapena asanu ndi mmodzi m'nyumba ya munthu, kulowa mmodzimmodzi motalikitsa nthawi, patebulo ataikapo nsalu ndi singano kuti wina akagogoda azioneka ngati akuphunzira kusoka. Buku la mbiri ya dziko lawo lili kunsi kwa nsaluyo. Mtsikana wa zaka 15 ameneyo sanaombere munthu, sanaphulitse njanji. Koma anali mu underground kwathunthu. Ndiye ine ndimaona kuti wolemba wanuyo sakusakaniza mwangozi. Ku Poland mawu akuti underground akunyamula sukulu ndi khoti zomwe, zimene mawu akuti resistance mwina munthu angaziiwale n'kumangoganiza za mfuti.

Womasulira_wa_Area25
Achemwali a ku Leeds mwanditsegula maso. Ndabwerera pa tsamba 6, akamanena za kuukira kwa mu Warsaw kwa pa 1 Ogasiti 1944, kumene kunatenga masiku 63, akulemba kuti "the underground came into the open". Ndinaona ngati ndi zokometsera chabe.

Kadzidzi
Ndiye kuti tsiku limenelo anasiya kukhala underground koma sanasiye kukhala resistance. Chabwino aphunzitsi, apa ndagonja theka.

Magetsi_Phiri
Ife a zamagetsi resistance timaiyeza ndi mita, mayunitsi ake ma ohm. Waya akachepa mphamvu yodutsa n'kuchuluka, amatentha mpaka nyumba kupsa. Underground ndi kebulo yokwirira ija anyamata amakumba usiku kukagulitsa kopa. Nkhani yatha, tsekani gulu.

Namwino_Wausiku
Kkkk a Phiri. Kwathu kuchipatala resistance ndi tizilombo tikasiya kumva mankhwala. Chloroquine anatha mphamvu choncho, dziko lino linamusiya mu 1993 n'kuyamba SP, kenako LA mu 2007. Koma mukaganiza bwino tanthauzo lake ndi lomwe anena aphunzitsi lija. Pali mphamvu imene ikukankha, pali china chimene chikukana. Popanda wokankha palibe resistance.

Mdzukulu_wa_Mtchona
Agogo anga anagwira ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela. Kwa iwo andagraundi inali shifiti basi, kutsika ndi kheji m'bandakucha kutuluka dzuwa litapendeka. Mukanawauza kuti Mandela anapita underground akanafunsa kuti shafuti nambala chani.

Woyang'anira_Gulu
Tabwererani ku funso abale, munthu ali ndi Lachisanu.

Mlembi_wa_92
Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndilankhule, chifukwa zinthu ziwirizi ndinaziona ndi maso m'chaka chimodzi, konkuno.

Mu 1992 ndinali mlembi pa kampani ina ku Blantyre. Makalata opanda dzina odzudzula boma ankabwera pa fakisi, nthawi zambiri usiku, mmawa n'kuwapeza atadzipinda pansi pa makina, pepala lopyapyala lija loterera limene zilembo zake zimafufutika pakapita miyezi. Ofesi yathu inali ndi fotokope imodzi, ndipo inali ndi kawuntala yowerenga mapepala amene abwana ankaiona Lachisanu lililonse. Ndinkachita kuwonongera dala makope a ntchito, kuwaponya mu bini kuti nambala ikachuluka ndinene kuti makina akutafuna mapepala. Makope enieniwo ndinkapinda kanayi, m'sokosi. Amene ankandipatsa ndinkamudziwa mmodzi, amene ndinkamupatsa mmodzi. Kupitirira apo sindinkafunsa, ndipo sindinkafuna kudziwa, chifukwa chimene sukuchidziwa sungachiulule ngakhale akumenye bwanji. Chaka chimenecho apolisi anagwira anthu ambiri a m'maofesi chifukwa cha mafakisi ndi mafotokope omwewa. Mkazi wanga anadziwa zonsezi referendamu ya pa 14 Juni 1993 itadutsa.

Tsono yerekezani ndi kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Anasaina mayina awo. Kapena Chakufwa Chihana, kutsika ndege pa 6 Epulo ku Lilongwe akudziwa kuti amugwira pomwepo, ndipo anamugwiradi. Amenewo sanabisale. Ine ndinabisala. Tonse tinkakana chinthu chimodzi, koma kunena zoona, ndikamva wina akunditchula kuti ndinali mu resistance ndimachita manyazi. Underground ndimavomera, chifukwa ikungonena kumene ndinali, siikunditamanda.

NaBanda_ku_Leeds
Bambo, manyazi a chiyani? Akanakupezani nazo m'sokosimo mukanakalowa ndende yomweyo.

Aphunzitsi_Opuma
A Mlembi mwakhudza chinthu chimene mabuku otanthauzira mawu sanena bwino. Resistance ndi mawu olemera ulemu. Underground ndi mawu ofotokoza chabe. Ndipo kalata ya maepiskopi ija muiyang'anenso: kuilemba, kuisindikiza ku Balaka ndi kuifikitsa m'maparishi onse popanda boma kununkhiza, imeneyo inali ntchito ya mfuko. Kuiwerenga pa guwa Lamulungu m'mawa, mbuzi yakhwimitsa miyendo. Kalata imodzi yomweyo.

Ku Norway kunachitika zofanana mu 1942. Boma la Vidkun Quisling, logwirizana ndi a Germany olanda dzikolo, linalamula aphunzitsi onse kulowa bungwe latsopano la chipani chake. Mawu okanira anazungulira mobisa, koma mphunzitsi aliyense analemba kalata yake n'kusaina dzina lake lenileni. Oposa 1,000 anamangidwa, mazana angapo anatumizidwa ku Kirkenes kumpoto kozizira kukagwira ntchito yakalavulagaga. Boma linalephera kuwapinda.

Mwana_wa_Angonia
Pepani akuluakulu, ulemu umene mukuupereka kwa mawu akuti resistance ine ukundiwawa. Dzina lonse la Renamo ndi Resistência Nacional Moçambicana. Resistance yomweyo. Ine ndinawoloka malire kulowa ku Dedza ndili ndi zaka 9, mayi atasenza mtolo ndi mphika umodzi, mudzi wathu ukufuka utsi kumbuyo. Gulu limenelo linaleredwa ndi boma la azungu la Rhodesia, kenako la South Africa ya tsankho. Ife tinkawati matsanga, kuchokera pa dzina la mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa. Boma la Frelimo linkawati bandidos armados. Iwo eni ankati ndi resistance. Asilikali a boma nawonso sanali angelo, zimenezo ndikudziwa, anatiotcheranso nkhokwe. Koma musandiuze kuti mawuwo ndi oyera.

Aphunzitsi_Opuma
Pepani kwambiri achimwene, ndipo simunalakwe. Sindinati aliyense wodzitcha choncho ndi woyera. Ndati mawuwo ndi olemera ulemu, n'chifukwa chake aliyense amawalimbirana. Palibe amene amalimbirana dzina lakuti underground.

Kadzidzi
Uganda ndiye imathetsa mkangano umenewu. Yoweri Museveni analowa mu Kampala mu Januwale 1986 ndi National Resistance Army, ndipo chipani chake mpaka lero ndi National Resistance Movement, chili m'boma zaka zonsezi. Amene ankamenyana naye kumpoto, Joseph Kony wobera ana uja, gulu lake ndi Lord's Resistance Army. Resistance kumenyana ndi resistance. Ku South Africa azungu a Eugène Terre'Blanche ankadzitcha Afrikaner Weerstandsbeweging, m'Chingerezi Afrikaner Resistance Movement, ndipo chimene ankakana ndi kutha kwa tsankho. Ku America nako, khoti lalikulu litagamula mu 1954 kuti ana akuda ndi oyera aziphunzira limodzi, andale a ku Virginia anayambitsa zimene anazitcha massive resistance, mpaka kutseka masukulu.

Koma taonani kusiyana kwake. Chipani chikhoza kukhala m'boma zaka makumi n'kumadzitchabe resistance. Sichingakhale m'boma n'kumadzitcha underground, anthu angaseke. Underground imatha tsiku limene watulukira poyera. Resistance imatha tsiku limene mwini wake watopa nalo dzinalo.

Chiwaya_Boy
Ndiye mwabwerera kwa ine. Zigawenga. Ndinanena kalekale.

Mlembi_wa_92
Iwe mwana, mawu amenewo usamawatchule mwachibwana. Nthawi ya chipani chimodzi munthu akangotchedwa chigawenga pa msonkhano, abale ake ankasiya kumupatsa moni pamsewu. Orton Chirwa, amene anayambitsa nawo MCP mu 1959, anatchedwa choncho ndipo anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Chigawenga ndi dzina limene wolamula amapatsa womukana. A Germany nawonso ankatchula anthu a ku France ndi Poland aja kuti zigawenga ndi achifwamba. A Womasulira akalemba mawu amenewo ndiye kuti nkhani yonse aiwerenga ndi pakamwa pa Gestapo.

Chiwaya_Boy
Pepani bambo, ndimangocheza.

Mlongo_wa_ku_Mchinji
Funso langa ndi ili. Makolo anga ndi a Mboni za Yehova. Chipembedzocho chinaletsedwa kuno mu 1967 mpaka 1993. Ankasonkhana usiku m'nyumba kapena kutchire, kuimba monong'ona, magazini akulowa m'dziko mobisa pa njinga. Mu 1972 anathawira ku Sinda Misale ku Zambia. Underground imeneyo palibe angatsutse. Koma mukawafunsa ngati anali resistance amakana kwamtuwagalu. Amati ife sitinkalimbana ndi boma, sitinkafuna kuchotsa munthu pampando, msonkho tinkakhoma, tinkangokana kugula khadi la chipani. Ndiye amenewa muwaika pati?

Kadzidzi
Kukana khadi pamaso pa achiyufi atanyamula zibonga, ngati imeneyo si resistance ndiye palibenso resistance.

Mlongo_wa_ku_Mchinji
Eni ake akukana dzinalo a Kadzidzi. Muwakakamiza?

Aphunzitsi_Opuma
Apa Chingerezi chimathandizidwa ndi kachinthu kakang'ono. Pali resistance wamba, mchitidwe wokana, ndiye pali the Resistance ya chilembo chachikulu, gulu lokonzeka lofuna kugwetsa wolamula. Makolo anu achemwali anachita yoyambayo, sanali m'yachiwiriyo. Akamakana dzinalo akukana yachiwiri, ndipo akunena zoona.

Ku Netherlands anali ndi mawu osiyanitsa bwino. Verzet ndiwo okana aja. Onderduikers, kutanthauza omira pansi, ndi anthu amene ankangobisala: Ayuda, anyamata othawa kutumizidwa ku Germany. Wobisala m'denga sakulimbana ndi munthu, akungofuna kuona mawa. Koma mlimi amene akumubisa, ndi mtsikana amene akumubweretsera makuponi a chakudya akuba, amenewo ali mu verzet. Nyumba imodzi, denga ndi pansi, mawu awiri.

Joni_Sikwathu
Kuno ku South Africa mbiri ya ANC imadulidwa pawiri ndi mawu omwewa. Mu 1952 kunali Defiance Campaign: anthu ankavala bwino, kukalowa dala pakhomo lolembedwa kuti azungu okha, kapena kuyenda usiku opanda pasi, n'kudikira apolisi. Oposa 8,000 anamangidwa, ndipo kumangidwako ndiye kunali cholinga. Njira imeneyo inafanana ndi ya Gandhi, imene azungu ankaitcha passive resistance pamene anaiyamba konkuno mu 1906. Kenako apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960, mu Epulo ANC ndi chipani china cha anthu akuda cha PAC zinaletsedwa. Apo ndi pamene amati chipani chinapita underground. Mandela anasunga ndevu, kuvala ovolosi, kudzitcha David Motsamayi, wantchito pa famu ya Liliesleaf ku Rivonia. Anagwidwa pa 5 Ogasiti 1962 pafupi ndi Howick akudzionetsa ngati dalaivala wa mzungu. Ndiye chiganizo chanu chija a Womasulira, "the resistance was forced underground", ndi 1960 ya kuno ndendende. Anthu omwewo, cholinga chomwecho, chasintha ndi chakuti dzulo ankafuna apolisi awaone, lero akufuna asawaone.

Womasulira_wa_Area25
Ndazindikiranso kanthu pa galamala. Amati "go underground", koma sanganene "go resistance". Amati "join the resistance". Kumodzi umapitako ngati malo, kwinako umalowa ngati gulu.

Magetsi_Phiri
Nanga sitima ya ku London ija amaiti Underground ikukana ndani?

NaBanda_ku_Leeds
Ikukana kufika pa nthawi yake kkkk. Imeneyo ndi yapansi pa nthaka yeniyeni a Phiri, inayamba mu 1863. Koma yodabwitsa ndi Underground Railroad ya ku America, imene sinali njanji komanso sinali pansi. Inali mndandanda wa nyumba ndi anthu othandiza akapolo kuthawa kumwera kupita kumpoto, ndipo lamulo la 1850 lobweza akapolo othawa litakhwima, mpaka ku Canada. Ankalankhula mophiphiritsa ngati za sitima: nyumba yobisalamo ndi siteshoni, woperekeza ndi kondakitala. Harriet Tubman anabwerera kumwera maulendo pafupifupi 13 n'kutulutsa anthu pafupifupi 70. Homuweki ya mwana wanga ija inandiphunzitsa zambiri kuposa mwini wake.

Chiwaya_Boy
Funso lenileni tsopano, osati zocheza. Anyamata osintha madola kuseri kwa sitolo, kapena ogulitsa chamba, nawonso amati underground. Oimba osatchuka pa wailesi amadzitchanso underground. Ndiye mawuwa si a ndale okha eti?

Kadzidzi
Apa wafunsa zanzeru. Eya, underground economy, underground music. Chilichonse chochitika kumene boma kapena anthu ambiri sakuona. Wogulitsa chamba sakufuna boma ligwe, akufuna lingoyang'ana kumbali. Ndiye pali underground yopanda resistance, ngati ameneyo, ndipo pali resistance yopanda underground, ngati Chihana pa bwalo la ndege. Kungoti a zaumbanda enieni Chingerezi chili ndi mawu awo ena, underworld. A Womasulira musadzasokoneze awiriwo, mungadzasandutse agogo a mnzake wa a NaBanda kukhala mbava.

Gogo_Nasimango
Ine Chingerezi changa n'cha Sitandade 6 yakale, koma ndikudabwa kuti tsiku lonse mukukangana za mawu a eni, a kwathu simukuwafunsa. Tili ndi kukana, kutsutsa, kulimbana, kuukira, kugalukira. Onsewa ndi osiyana. Kutsutsa n'kwa pakamwa, n'chifukwa chake timati chipani chotsutsa boma, cha ku Nyumba ya Malamulo, cholandira malipiro. Kugalukira n'kwa munthu amene anali wako n'kukutembenukira. Anthu a ku France sanagalukire Hitler, sanali ake. Kuukira ndi tsiku limene mwanyamula zida, ngati John Chilembwe mu Januwale 1915. Mbali inayo tili ndi mobisa, mwakabisira, mwachinsinsi, kuseri, mwakachetechete. Mwana wanga womasulirawe, "gulu lachinsinsi lotsutsa" lako lija lalakwika pawiri. Lachinsinsi anthu aganiza za kudambwe, lotsutsa aganiza za aphungu.

Aphunzitsi_Opuma
Mayi mwatiposa tonse. Pa "kutsutsa" ndikugwirizana nanu kotheratu, nanenso mawuwo amandikanda koma sindimadziwa chifukwa chake.

Womasulira_wa_Area25
Agogo zikomo, ndachita manyazi koma ndaphunzira. Nazi zimene ndalemba tsopano, mundikonze. Resistance ya ku France ndaika "gulu lolimbana ndi adani olanda dziko", ndikalitchula kachiwiri ndikungoti "olimbana nawo aja". Underground ya ku Poland ndaika "boma la kabisira", ndipo asilikali ake "asilikali a kabisira". Chiganizo chovuta chija chakhala: "Amene ankalimbana ndi adaniwo anapanikizidwa mpaka anayamba kuchita zawo mobisa." Cha ku Warsaw: "A kabisira aja anatulukira poyera."

Kadzidzi
"Olanda dziko" ikukwana pa a Germany. Nanga akamalimbana ndi boma la Vichy, la anthu a ku France okhaokha? Amenewo sanalande dziko, ndi eni nthaka.

Mwana_wa_Angonia
Ndipo mukadzapatsidwa nkhani ya Renamo kapena ya Kony musadzamasulire dzinalo. Lisiyeni momwe lilili, omvera aweruze okha.

Womasulira_wa_Area25
A Kadzidzi, Vichy ikutchulidwa pa tsamba 9 pokha, pamenepo ndawonjezera "ndi boma logwirizana nawo". A Angonia ndamva, ndipo ndasunga. Tsopano pali lina latulukira pa tsamba 11: partisans, za ku Yugoslavia, anthu a Tito. Awa ndiwaika ku mbuzi kapena ku mfuko?

Woyang'anira_Gulu
Limenelo tsegulirani mutu wake, uno watalika.

Gogo_Nasimango
Amenewo ngakhale osatsegula mutu wina. Ankagona kuti?

Aphunzitsi_Opuma
Kumapiri ndi m'nkhalango mayi, ndi mfuti, magulumagulu ngati asilikali, mpaka kumalanda matauni n'kumawalamulira.

Gogo_Nasimango
Ndiye ndi ankhondo a kutchire. Lemba choncho mwanawe, ukagone.